Mutu 6: Chitupa cha Zelifa

1. Dansi ya masana

Immaculata Goliati ndi mkulu wake Zelifa adali ofanana moti ngakhale kutchalitchi anthu ankawasokoneza. Mphumi yomweyo, kampata ka pamano komweko. Kusiyana kwawo kudali pa zaka: Zelifa adali ndi zaka 20, Ima 16. Kusiyana kwina n'kwakuti Zelifa ankayamba waganiza asanachite chinthu, pomwe Ima ankachita lero n'kudzaganiza mkuja.

Ankakhala ku Area 14, koma musafulumire kuwachitira nsanje. Chinyumba cha kutsogolo chidali cha abwana. A Goliati, bambo wa atsikanawa, ankasamalira maluwa ndi kapinga pamenepo, ndipo iwo ndi ana awo ankagona m'kanyumba ka kuseri. Mayi awo ankakhala kumudzi kwa Chitukula, kuyang'anira munda.

Sabata imeneyo Zelifa adalandira uthenga umene adaudikira kwa zaka ziwiri. Sukulu ya anamwino idamuitana kuti Lachiwiri akayankhe mafunso a pakamwa. Kalatayo idati apite ndi chitupa cha unzika, ndipo akadzasankhidwa padzafunikanso kalata ya kupolisi yosonyeza kuti sadapalamulepo mlandu. Lachisanu adakwera minibasi kukauza amayi. Chitupa adachisiya m'sutikesi poopa kuti chingatayike panjira. Ankaopa mbava za m'minibasi, osadziwa kuti ina ankagona nayo pa mphasa imodzi.

Loweruka anzake a Ima a Folomu 3 adamunong'oneza za dansi ya masana pa malo ena omwera mowa kufupi ndi Area 4. Vuto lidali limodzi: pageti ankafuna chitupa, ana sankaloledwa kulowa. Ima adatsegula sutikesi ya mkulu wake.

"Ndingokasuzumira basi," adadziuza yekha. "Chitupa sichidyedwa, ndidzachibwezera pomwepa."

Mlonda wa pageti adayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope, n'kumutsegulira. M'katimo kabotolo koyamba kadamuwawa kukhosi, kachiwiri kadamuseketsa, kachitatu sakakumbukira mpaka lero. Pomwe imati 4 koloko n'kuti Ima ali kunja pamsewu, nsapato zili kumanja, akuimba. Adagubuduza beseni la mandasi la mayi wina, ndipo apolisi atafika adawayankha mawu amene sitingawalembe m'buku la ana asukulu. Nanga anzake aja? Adasungunuka ngati mchere m'ndiwo.

Kupolisi adamupisa m'chikwama n'kupeza chitupa chija. Wapolisi adakopera m'buku lake: Zelifa Goliati, zaka 20. Mlandu: kuledzera ndi kusokoneza mtendere pagulu. Ima adaona dzinalo likulembedwa. Chifukwa cha mantha, adalisiya choncho.

2. Mawu a mwini mbumba

Amene adakamutulutsa pa belo tsiku lomwelo adali malume ake, a Eddie, mlongo wa amayi ake. Kumudzi ankatchedwa atsibweni, koma m'tauni muno ankafuna azitchedwa ankolo, ndipo magalasi akuda sankawavula ngakhale kunja kuli mitambo. Adasaina papepala kuti Lolemba m'mawa mtsikanayo akaonekera kukhoti. Dzina lolakwikalo adaliona, koma sadalikonze.

Lamulungu anthu ataweruka kutchalitchi, atatuwa adakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba. A Eddie adali pampando, a Goliati pa chidebe, Ima pansi, mutu ukumupweteka.

"Alamu, keisi iyi ndi yaing'ono," adatero a Eddie akuzunguza makiyi pachala. "Mwanayu mawa akangomva dzina la Zelifa aimirire. Akamufunsa, avomere. Faindi ndipereka ine, ikamati 10 koloko tili pa tiyi. Koma akangoyerekeza kunena kuti ndi mwana wasukulu, ndiye mwaziputa. Abwera a boma kudzafunsa mafunso pakhomo la abwana anu pano. Akafika mpaka kwa ahedi, ndipo mwanayu sukulu amuchotsa. Mukufuna zimenezo?"

Chimene a Eddie sadanene n'chakuti malo omwera mowa aja adali awo, iwo ndi mnzawo wina. Kugulitsa mowa kwa munthu wa zaka 20 si mlandu. Kwa wa zaka 16 ndi nkhani ina. Chifundo cha ankolocho sichidali cha ulere.

A Goliati, ngakhale dzina lidali lalikulu, adali munthu wamfupi, wofatsa, wosazolowera kukweza mawu. Adavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Ndamva, alamu. Koma mundilole ndilankhule ndi mwanayu pamaso panu. Ima, tandiyang'ana. Ine pakhomo pano ndagwira ntchito zaka khumi ndi zinayi. Abwana akamapita kunja, makiyi a nyumba yonse amandisiyira ine. Si chifukwa cha sukulu, ine ndidalekezera Sitandade 4. N'chifukwa cha dzina. Munthu wosauka alibe galimoto, alibe mpanda, chake ndi dzina basi. Mkulu wako dzina lake walisamala ngati dzira. Wakhala akuwerenga mpaka maso kufiira, iwe ukuliza mkonono. Dzulo iwe walitenga dzinalo, wakaligubuduza m'fumbi pamodzi ndi mandasi a eni ake. Mowa wamwa iwe, fungo likamveke kwa iye? Mlandu suola, mwana wanga. Ukhoza kuukwirira lero, koma udzafukuka tsiku limene mnzako akufuna kuvala zoyera za unamwino."

"Alamu, ulaliki tamva kale kutchalitchi," adawadula mawu a Eddie. "Ana awa ndi mbumba yanga. Ndanena ine."

Pamenepo a Goliati adagwira njakata. Mwambo wa kwawo ndi womwewo: bambo amabereka, koma mawu omaliza pa ana ndi a mlongo wa mayi. Adavalanso chipewa chawo.

"Mwini mbumba wanena," adatero motsitsa mawu. Adanyamuka kukathirira maluwa, ngakhale adali atawathirira kale m'mawa.

Ima adamva chisoni chachikulu, choposa manyazi a dzulo lake. Komabe mantha a kuchotsedwa sukulu adali pomwepo, ndipo adangoti, "Chabwino, ankolo."

3. Pabenchi

Lolemba m'mawa pakhonde la khoti padali anthu osayamba. Ena adali ndi unyolo, ena adabwera ndi makontena a chakudya cha abale awo. Ima adakhala kumapeto kwa benchi. A Goliati, amene adapempha kwa abwana kuti achokepo m'mawa umenewo, adaima chapatali. A Eddie adazungulira kuseri kukayankha foni.

Kudatulukira mayi wina wonenepa, wa nsapato zafulati, atanyamula mapepala. Adali mayi Sellah Kamwendo, mlangizi wa zamalamulo. Sadali loya. Ntchito yawo idali kufotokozera anthu oyembekezera milandu za ufulu wawo, mosalipiritsa.

"Zelifa Goliati!" adaitana.

Ima ankayang'ana nyerere pansi.

"Zelifa Goliati!"

Ataitana kachitatu m'pomwe mtsikanayo adadzidzimuka. "Ndine! Ndili pano."

Mayi Sellah adakhala pambali pake. Adayang'ana tsitsi lake lometa la kusukulu, n'kuyang'ananso papepala.

"Unabadwa chaka chanji, Zelifa?"

Ima adayamba kuwerenga zala kunsi kwa chikwama.

"Zisiye zalazo, sizinalakwe. Ine ntchito ino ndinayamba iwe usanamere mano. Munthu saiwala dzina lake kawiri konse. Ndiwe yani?"

Misozi idayamba yokha. Ima adafotokoza zonse: sutikesi, chitupa, mandasi, mafunso a Lachiwiri, ndi malangizo a ankolo. Mayiwo adamvetsera osamudula.

"Bwanji ndingothawira kumudzi?" adafunsa Ima pomaliza.

"Thawa. Khoti lilamula kuti apolisi akagwire Zelifa Goliati. Ndiye akagwira yani?"

Ima adaweramitsa mutu. "Nanga ndikavomera monga anenera ankolo?"

"Ukhoza kutuluka msanga, zimenezo n'zoona. Koma khoti likangogamula, dzina la mkulu wako lilowa m'kaundula wa anthu opalamula. Tsiku lokatenga kalata ya kupolisi adzapeza mlandu umene saudziwa ukumudikira. Kuti adziyeretse padzapita nthawi, malo ake kusukulu atatenga wina. Ndipo iwe udzakhala utanamiza khoti, umene ndi mlandu waukulu kuposa wa mowawu."

"Ndiye palibe njira ina, amayi?"

"Ilipo, koma ili ndi minga yake. Tamvera. Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo, ngakhale atatalika bwanji. Mwana saweruzidwa pamodzi ndi akuluakulu awa. Ali ndi khoti lake, khoti la ana. Kumeneko kulibe anthu odzaonerera, dzina lako silimveka pa wailesi, ndipo kholo lako limakhala pambali pako. Ngati sunachite, uli ndi ufulu wokana, ndipo ukhoza kupempha loya wa boma wosalipira. Koma tandiuza, unachita kapena sunachite?"

"Ndinachita."

"Ndiye pali chimene timati kupatutsa mlandu. Mwana akavomera yekha, popanda womukakamiza, pa mlandu wosakula ngati uwu, khoti likhoza kumuchotsa pa njira ya chilango n'kumuika pa njira yokonza. Mwina angakuuze kuti ukapepese mayi wa mandasi uja. Mwina uzikapita ku uphungu, kapena ukagwire kantchito kothandiza anthu masiku angapo. Ukamaliza bwino, dzina lako silidetsedwa. Sindikukulonjeza, wogamula si ine. Ndipo ndisakunamize, mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Za chitupa adzakufunsa, chifukwa kuyendera chitupa cha wina n'kulakwa. Kusukulu akhoza kumva. Adzafunanso kudziwa amene anagulitsa mowa kwa mwana."

"Ankolo andipha," adanong'ona Ima.

"Ankolo ako sakaimirira m'bokosi muja. Ukaimirira ndiwe. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako."

Nthawi yomweyo a Eddie adatulukira, foni ili kumanja. "Mayi, mukumuuza zotani mwanayu?"

"Mwana uti, bambo?" adafunsa mayi Sellah akusanja mapepala awo. "Pepala langa likuti ali ndi zaka 20."

Chitseko cha khoti chidatseguka, ndipo anthu adayamba kulowa.

4. M'bokosi

Mlandu wa Ima udali wachinayi. Oyamba aja adavomera, adalandira zilango zawo, nkhani zawo n'kutha ngati kumwa madzi. A Eddie adamugunda Ima ndi chigongono. "Waona? Simpo."

"Zelifa Goliati!" adaitana kalaliki.

Ima adalowa m'bokosi la oimbidwa mlandu. Woweruza adali bambo wa imvi, wa magalasi otsikira pamphuno. Adayang'ana pa fayilo.

"Kodi ndiwe Zelifa Goliati, wa zaka 20, wa ku Area 14?"

Ima adayang'ana kwa ankolo ake. Iwo adagwedeza mutu kuti avomere. Adayang'ana kumbuyo kwenikweni, kumene bambo ake adakhala atafumbata chipewa. Iwo sadagwedeze kalikonse.

"Ayi, bwana. Sindine."

M'khoti mudamveka kung'ung'udza. Woweruza adakweza dzanja, onse n'kuti chete.

"Ndiye ndiwe yani?"

"Dzina langa ndi Immaculata Goliati. Ndili ndi zaka 16, ndili Folomu 3." Adayang'ana woweruza m'maso. "Zelifa ndi mkulu wanga. Chitupa ndinamutengera m'sutikesi iye ali kumudzi. Mowa ndinamwa ndine, mandasi ndinataya ndine, apolisi ndinatukwana ndine. Iye sakudziwa kanthu. Chonde, bwana, mufufute dzina lake."

Woweruza adavula magalasi. Adalamula kuti aliyense amene si wachibale wa mtsikanayo atuluke, chifukwa nkhani ya mwana sikambidwa pagulu. Anthu adatuluka monyinyirika, poti nkhani idali itangoyamba kukoma.

"Pali umboni wa zaka zako?"

Zimenezo Ima sadaziganizire. Kumbuyo kuja a Goliati adaimirira.

"Alamu, khalani pansi!" adanong'ona mwaukali a Eddie, atawathamangira n'kuwagwira jekete.

"Mwambo ndinaulemekeza dzulo, alamu," adayankha a Goliati akuchotsa dzanjalo pang'onopang'ono. "Lero mwana walankhula yekha, ndipo ine ndi bambo ake."

Adapisa m'thumba la m'kati n'kutulutsa kajumbo kopindapinda. Mudali kadi la ubatizo la Ima ndi kabuku kake ka kusikelo, kachikasu ndi ukalamba. Adali atazinyamula m'mawa osauza munthu. Adazipereka kwa kalaliki ndi manja awiri.

Woweruza adawerenga mofatsa, kenaka adatembenukira kwa mtsikanayo.

"Immaculata, undimvetsetse. Usaganize kuti ndikuombera m'manja. Wachita zoipa zitatu. Wamwa mowa uli mwana, wavutitsa anthu pamsewu, ndipo wabisala m'dzina la mbale wako. Ana ambiri amaona ngati kabotolo n'kakang'ono. Ine ndakhala pampando uno zaka zambiri, ndipo ndaona anthu amene adayamba ndi kabotolo komweko akumalizira muno ndi milandu imene sindingaitchule pamaso pa bambo ako. Samva mkunkhu adamva nkhwangwa ili m'mutu. Koma ndaonanso akuluakulu a ndevu zawo akulumbira bodza m'bokosi limenelo osaphethira. Iwe khomo lotulukira linali lotseguka, ndipo sunadzerepo. Zimenezo ndazilemba, ndipo khoti la ana lidzaziwerenga."

Adalemba kwa kanthawi, kenaka adalengeza. Dzina la Zelifa lichotsedwe pa mlanduwo. Nkhani ipite ku khoti la ana Lachinayi. Ima akhale m'manja mwa bambo ake, ndipo mlangizi wa boma woona za ana adzacheze nawo tsikulo lisanafike. Apolisi afufuze amene adagulitsa mowa kwa mwana.

Pamene mawu omalizawa ankatha n'kuti mpando wa a Eddie uli wopanda munthu.

Ima adamva ngati watula mtolo wa nkhuni. Adalimba mtima n'kukweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Bwana, nanga chitupa? Achemwali akuchifuna mawa."

"Chitupa ndi umboni," adayankha woweruza. "Chikhala kuno mpaka mwiniwake adzabwere yekha kudzafotokoza mbali yake."

Mtolo uja udabwereranso pamutu.

5. Sutikesi

Kunja mayi Sellah adawapeza pa masitepe.

"Wachita zamphamvu, mwana iwe. Za chitupazo, mubwere naye mkulu wakoyo mawa khoti lisanayambe. Ndiyesa kupempha kuti amumvere msanga, kapena amulembere kalata yoti akaonetse kusukuluko. Ndati ndiyesa. Mafunso akuyamba nthawi yanji?"

"9 koloko," adatero a Goliati.

Mayiwo adaimba mluzu wapansipansi. "Ndiye mulawirire."

Foni ya a Goliati idalira ali pa siteji ya minibasi. Adali a Eddie. Mawu ankamveka ngakhale kwa Ima: adati popeza ana asanduka anzeru kuposa malume awo, nkhaniyi ikathera kumudzi, pamaso pa akuluakulu a banja. A Goliati adangoti, "Tamva, alamu," n'kubweza foni m'thumba.

Atatsika minibasi n'kuyamba kuyenda mumsewu wa mitengo wopita kwawo, bamboyo adakhosomola.

"Kusukulu ndipita nawe ndekha kwa ahedi, asanamve kwa anthu. Akakuchotsa, tikagogoda kwina."

"Zikomo, ababa."

"Koma kwa mkulu wako sindikulankhulira. Kumeneko ukalowa wekha."

Adalowa pa kageti kakang'ono ka antchito n'kuzungulira kuseri. Pakhomo padali thumba la mbatata ndi nkhuku yomanga miyendo, mphatso zochokera kumudzi. Zelifa adali atafika. Diresi la buluu limene ankati akavale mawa lidali litasitidwa kale, lili pa hang'ala pachitseko.

M'nyumba zovala zidali mbwee pa mphasa. Zelifa adali atagwada pakati pake, akukutumula sutikesi yopanda kanthu. Atamva mapazi adatembenuka, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Ima, bwera undithandize! Chitupa changa sindikuchiona. Ndinachisiya m'kathumba aka, ndikukumbuka bwinobwino. Iwe sunachione?"

A Goliati adatsalira panja. Ima adaima pakhomo. Mantha amene adamugwira apa adaposa a m'bokosi muja, chifukwa woweruza sankamudziwa, pomwe uyu adamubereka kumsana ali khanda. Komabe sadabwerere m'mbuyo. Adalowa, adatseka chitseko, n'kugwada.

"Achemwali, chitupa chanu chili kukhoti. Khalani pansi bwino, ndikuuzeni amene anachipititsa kumeneko."

Zelifa sadakhale. Adaimirira pang'onopang'ono, sutikesi n'kugwera pansi.